Kodi Akaphunzira Zojambula, Adzadya Chiyani?

Mayina a ana omwe asankhidwa kupita ku yunivesite akatuluka, chimwemwe sichifanana m'makomo onse. Komwe mwana wasankhidwira udokotala, zamalamulo kapena uinjiniya, nthungululu zimamveka mpaka kutsidya kwa dambo. Komwe wasankhidwira zojambulajambula ndi zosemasema, anthu amathokoza ndithu, koma ndi mawu apansipansi, ndipo dzuwa lisanalowe amalume amakhala atafunsa kale funso lomwe lili m'mitima ya onse: ndiye akamaliza zimenezo, adzadya chiyani?

Funsoli si lopusa, ndipo ofunsawo sindikuwanyoza. Fizi imachokera kutali. Ena amagulitsa mbuzi, ena matumba a soya, ena amalowa m'ngongole za banki m'khonde kuti mwana akhale pasukulu zaka zinayi. Munthu amene wavutika chotere ali ndi ufulu wodziwa komwe thukuta lake likupita. Chomwe ndikukana ndi yankho lomwe timadzipatsa tisanafufuze n'komwe, loti mwanayo njira yake ndi imodzi basi: kuyala zithunzi za nyanja, za milambe ndi za amayi osenza mitsuko m'mbali mwa msewu, n'kumadikira mzungu wodzaona malo. Tikadzamupeza patapita zaka khumi ali ku kampani ya mafoni, ku bungwe la zaumoyo kapena akuphunzitsa ku sekondale, timapukusa mutu n'kumati sukulu ija inangopita m'madzi.

Muyeso umenewu ndi wolakwika. Anthu ophunzira zaluso amabalalikira ku ntchito zambirimbiri chifukwa maphunziro awowo amawakonzekeretsa kutero, ndipo zakhala choncho kulikonse komwe masukulu otere alipo. Vuto lathu kuno kwathu n'loti njira zambiri zomwe akanabalalikiramo tinazitseka tokha, kenako n'kumadabwa kuti bwanji aunjikana pamalo amodzi.

Tiyambe taona zomwe zimachitika m'chipinda chophunziriramo, chifukwa ambiri amaganiza kuti kumeneko amangophunzitsana kagwiridwe ka burashi. Mdani woyamba wa wophunzira ndi maso ake omwe. Amamuikira mpando patsogolo kuti aujambule, iye n'kujambula mpando womwe uli m'mutu mwake, wa miyendo inayi yofanana, chonsecho pamene wakhalapo ikuoneka miyendo itatu yokha, wina wooneka wamfupi. Pamatenga miyezi kuti munthu asiye kujambula zomwe akudziwa n'kuyamba kujambula zomwe akuona. Amene wawoloka pamenepo sayang'ananso chinthu mwachisawawa. Akalowa m'chipatala amaona kuti odwala akusochera chifukwa chikwangwani anachikhoma kuseri kwa chitseko. Akagwira fomu ya ku banki amadziwiratu mzere womwe agogo akakakamirepo.

Ndiye pali mwambo wokhoma ntchito pakhoma. Wajambula sabata yonse, mwina osagona, kenako anzako onse ndi aphunzitsi amaimirira patsogolo pa ntchito yako n'kuyamba kuitola zifukwa iwe uli pomwepo. Uyenera kufotokoza chifukwa chomwe unasankhira mtundu wakutiwakuti, kumva zoti sizinaphule kanthu, m'mawa mwake n'kuyambiranso. M'maphunziro ambiri wophunzira amalakwa kumbali, papepala la mayeso lomwe amaliona ndi mphunzitsi yekha. Wa zaluso amalakwa pagulu, mobwerezabwereza, mpaka manyazi amatha n'kutsala chizolowezi chofunsa kuti: nanga ndikonze pati? Komanso tsiku lopereka ntchito likakwana, sangabwere ndi malonjezo kapena ndondomeko ya masamba makumi awiri. Ayenera kubwera ndi chinthu chogwirika, ngakhale penti itamuthera panjira kapena mbiya itang'aluka poiotcha. M'dziko lomwe misonkhano ndi mapepala a mapulani zachuluka kuposa zinthu zomalizidwa, munthu woleredwa motere tikumufuna kwambiri.

Maluso amenewa sakhala pansalu yojambulapo pokha, n'chifukwa chake eni ake amapezeka komwe simungawaganizire. James Dyson wa ku Britain analowa Royal College of Art ku London mu 1966 kukaphunzira kukonza mipando ndi maonekedwe a m'kati mwa nyumba. Sanakhale wopanga mipando. Mu 1974 anatulutsa wilibala yomwe m'malo mwa tayala inali ndi mpira waukulu wapulasitiki, kuti isamatitimire m'matope. Pambuyo pake analimbana ndi makina oyamwa fumbi m'nyumba, ndipo mwini wakeyo amati anapanga makina oyeserera 5,127 asanapeze omwe anagwira ntchito momwe ankafunira. Lero dzina lake lili pa kampani ya zauinjiniya yodziwika padziko lonse. Kubwereza chinthu chimodzi koposa ka 5,000 osataya mtima ndi khalidwe lomwe lija la kukhoma ntchito pakhoma, kumva zolakwika, n'kukayambiranso.

Brian Chesky ndi Joe Gebbia anakumana ku Rhode Island School of Design ku America, sukulu ya zaluso zokhazokha. Mu 2007 ali ku San Francisco, ndalama ya lendi itawavuta, anamva kuti mumzindamo mukubwera msonkhano waukulu wa akatswiri a dizaini (luso lokonza maonekedwe ndi kapangidwe ka zinthu) ndipo mahotela adzaza. Anayala matiresi atatu opopa m'nyumba mwawo n'kulandira alendo atatu olipira. Ndiko kubadwa kwa Airbnb, yomwe lero anthu amapezerapo malo ogona m'mayiko pafupifupi onse, ngakhale ku Lilongwe ndi ku Cape Maclear. Chomwe chimandikhudza m'nkhani yawo ndi zomwe anachita mu 2008 bizinesi itatsala pang'ono kufa. Inali nyengo ya chisankho cha pulezidenti wa America, ndiye anajambula makatoni a chakudya cham'mawa okhala ndi nkhope za Barack Obama ndi John McCain, kuwapinda ndi kuwamata okha ndi manja, n'kumagulitsa katoni imodzi madola 40. Anapeza ndalama pafupifupi madola 30,000 zomwe zinawapulumutsa. Munthu wina akanalemba kalata yopempha ngongole. Iwo anachita zomwe sukulu inawazoloweza: kupanga chinthu ndi zomwe zili pafupi.

Foni ya iPhone yomwe inatuluka mu 2007 maonekedwe ake anatsogolera ndi Jony Ive, amene anaphunzira dizaini ya katundu ku Newcastle Polytechnic n'kulowa kampani ya Apple mu 1992. Ameneyo ambiri anamumvapo. Amene sadziwika kwenikweni, koma kwa ine ndiye chitsanzo chogwira mtima, ndi mayi Margaret Calvert, obadwira ku South Africa mu 1936. Anaphunzira kujambula ku Chelsea ku London, ndipo mphunzitsi wawo Jock Kinneir anawatenga kuti azimuthandiza. Awiriwa ndiwo anakonza zikwangwani za m'misewu ya Britain, zomwe zinayamba kugwira ntchito m'dziko lonselo mu 1965. Ntchito yawo inali kupeza zilembo zomwe dalaivala angawerenge galimoto ikuthamanga, kukula kwake, mpata wa pakati pa chilembo ndi chinzake, mtundu womwe ungaoneke usiku. Anapeza kuti mawu osakaniza zilembo zazikulu ndi zazing'ono amazindikirika msanga kuposa olembedwa m'zilembo zazikulu zokhazokha. Ng'ombe ya pachikwangwani chochenjeza za ziweto anaijambula potengera ng'ombe yeniyeni ya pafamu ya abale awo, dzina lake Patience. Palibe amene amaima pamsewu kuti asirire chikwangwani ngati chithunzi, koma ntchito imeneyo yakhala ikuteteza miyoyo kwa zaka zoposa makumi asanu.

Ngakhale m'zachipatala alimo. Max Brödel anaphunzira zojambula ku Leipzig ku Germany, n'kupita ku chipatala cha Johns Hopkins ku America mu 1894 kukajambula zomwe madokotala ankaona pochita opaleshoni. Mu 1911 kunakhazikitsidwa dipatimenti yapadera yophunzitsa ntchito imeneyi iye akuitsogolera, ndipo ilipobe mpaka pano. Kamera imatola zonse, magazi ndi mafuta omwe. Wojambula amasankha mtsempha womwe wophunzira udokotala ayenera kuuona.

Apa wina andiimitsa, ndipo akhala ndi mfundo. Anthu onsewa ndi a m'mayiko olemera, komwe kuli mafakitale ofuna dizaini ndi anthu a ndalama zoika m'mabizinesi a achinyamata. Komanso ndatchula omwe zinawayendera. Pa Dyson mmodzi pali anzake mazanamazana a m'kalasi omwe palibe amawadziwa. Zoona. Ngakhale ku Britain ndi ku America komweko, ambiri omaliza maphunzirowa amayamba ndi maganyu, malipiro ochepa ndi ntchito zosakhazikika. Sindingauze kholo la ku Ntchisi kuti mwana wake adzayambitsa kampani ngati Airbnb. Zitsanzozi ndazitchula pofuna kuonetsa chinthu chimodzi chokha: kuti maphunzirowa amanyamulika, munthu amatha kupita nawo ku uinjiniya, ku bizinesi, ku misewu ndi ku chipatala. Funso ndi lakuti kwathu kuno angapite nawo kuti.

Tili nawo athu omwe anatsata njira ya luso lenilenilo mpaka pamwamba. Samson Kambalu anaphunzira zojambula ndi nyimbo za makolo ku Chancellor College ku Zomba, n'kumaliza mu 1999. Anapitiriza maphunziro ku Nottingham ndi ku London, ndipo pano ndi pulofesa ku Ruskin School of Art ya yunivesite ya Oxford. Mu Seputembala 2022 chosema chake chotchedwa Antelope chinaimikidwa pa Trafalgar Square, pakatikati pa London. Chimaonetsa John Chilembwe atavala chipewa, pambali pake pali mmishonale John Chorley, potengera chithunzi cha mu 1914 chomwe anajambulitsa potsegulira tchalitchi cha ku Mbombwe ku Chiradzulu. Nthawi imeneyo munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Kambalu anamukulitsa Chilembwe kuposa mnzakeyo, n'kumuimika ndi chipewa chake pamtima pa mzinda womwe unkatilamulira. Anthu mamiliyoni omwe anadutsa pamalopo anamva dzina la Chilembwe koyamba chifukwa cha mwana wa kalasi ya zojambula ya ku Zomba. Ndi akazembe angati omwe anachitirapo dziko lino chinthu chofika pamenepo?

Billie Zangewa anabadwira ku Blantyre mu 1973, anakulira ku Botswana, n'kukaphunzira zojambula ku Rhodes University ku South Africa. Njira yake siinali yowongoka: anagwirapo ntchito m'zamafashoni ndi m'zotsatsa malonda asanakhazikike pa zithunzi zake zosoka ndi nsalu ya silika, zomwe zinamupezetsa mphoto ya Gerard Sekoto mu 2004 ndipo lero zimaonetsedwa ku Paris, London ndi New York. Singano ndi ulusi, zida zomwe timaziona ngati za telala wa pakhonde la sitolo, ndizo zinamufikitsa kumeneko. Zaka zomwe anakhala m'ntchito zina zija sizinatayike. Zinamuphunzitsa nsalu, ndi momwe chithunzi chimakokera diso la munthu.

Koma onani kuti onse awiri ntchito yawo inakhwimira kunja. Izi zikutibweretsa pankhani yeniyeni.

Ntchito za anthu a dizaini m'Malawi zilipo, ndipo n'zambiri. Buku lililonse la pulayimale lomwe limakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi lili ndi zithunzi, ndipo mwana wa sitandade 1 amayamba kuwerenga chithunzicho asanawerenge chilembo. Chitenje chilichonse cha mpingo, cha chipani, cha Tsiku la Amayi pa 15 Okutobala, cha sukulu yokondwerera zaka makumi asanu, alipo amene anakhala pansi n'kusankha mitundu ndi kubwereza kwa maluwa ake. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre yakhala ikudinda zitenje kwa zaka zambiri, komabe pitani pamsika uliwonse muwerenge kuti ndi zitenje zingati zomwe maluwa ake anajambulidwa ndi Mmalawi. Zambiri n'zochokera kunja, ndipo ndalama ya wojambulayo imatsalanso kunjako.

Taganizaninso za kolera wa mu 2022 ndi 2023, yemwe anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Uthenga wa kasambidwe ka m'manja, kathiridwe ka kolorini m'madzi ndi kasungunulidwe ka Thanzi ORS unayenera kufika kwa anthu ambiri omwe sawerenga bwino. Pamenepo chithunzi ndi mankhwala. Chithunzi choonetsa mayi akusamba m'manja pa sinki yonyezimira sichinena kanthu kumudzi komwe kulibe mpopi. Chofunika ndi choonetsa mpondagiya pafupi ndi chimbudzi, ndi mayi wovala momwe amavalira amayi a kumeneko. Kudziwa zimenezi, kupita nacho chithunzicho kumudzi kukafunsa anthu kuti akuonapo chiyani, n'kubwerera kukachikonza, ndi ntchito ya munthu wophunzitsidwa. Mmisiri wotere akalembedwa ntchito ku bungwe la zaumoyo, sanathawe luso lake ayi. Walipititsa komwe likufunika koposa.

Ndiye pali katundu wathu. Mu 2016 boma linakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi yolimbikitsa kugula zakwathu. Tili ndi mpunga wa Kilombero, khofi wa ku Misuku, tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje, uchi, chiponde, tsabola wa kambuzi, ufa wa malambe. Zambiri mwa izi n'zabwino kuposa zochokera kunja. Koma imani m'sitolo yaikulu muone botolo la uchi wa gulu la alimi litaikidwa pambali pa lochokera ku South Africa. Lathu lili m'botolo losayenera, pepala lake lamatidwa mopendekeka, zilembo zamitundu isanu zikulimbana, inki yayamba kale kusuluka. Wogula sanalawe uchiwo, akuweruza ndi maso. Kukonda dziko kungamugulitse botolo loyamba, koma shelefu ya ku Lusaka kapena ku Johannesburg siidziwa zokonda dziko lathu. Timadandaula za kusowa kwa ndalama zakunja tsiku ndi tsiku, chonsecho gawo limodzi la vutoli likhoza kuthetsedwa ndi achinyamata omwe tikuwafunsa kuti adzadya chiyani.

Zomwezonso ndi chitetezo mbaula, madesiki a m'masukulu, mipando ya kabaza, njinga za anthu aulumali zoyenda m'njira zamchenga. Zonsezi n'zinthu zomwe wina ayenera kuziyang'anitsitsa, kuona pomwe zikuvuta ogwiritsa ntchito, kupanga yoyeserera, kuiyesa, n'kuikonzanso.

Nanga ngati ntchito ilipo chotere, n'chifukwa chiyani ana athu akuvutika? Chifukwa choyamba n'choti sitifuna kulipira. Munthu yemweyo amene sangayerekeze kupempha kalipentala kuti amukhomere chitseko mwaulere amauza wojambula kuti, "Tangondipangirani kalogo, si inu mumadziwa kompyuta." Akatchulidwa mtengo amadabwa, n'kunena kuti mwana wa achemwali ake akhoza kupanga zomwezo pafoni. Ena amalonjeza kuti, "Tidzakutchulani dzina, mudziwika." Dzina silipira lendi. Mabungwe ena amaika mamiliyoni pa alawansi ndi chakudya cha pamsonkhano, koma ndalama ya wokonza chikalata chomwe msonkhanowo wakhalira n'kukhala yotsalira pansi pa bajeti. Mpikisano wojambula chizindikiro ukalengezedwa, achinyamata makumimakumi amagwira ntchito yaulere kuti mmodzi alandire kamphoto, ndipo umwini wa ntchito zonsezo n'kutengedwa.

Nkhani ya chizindikiro cha Nike imadziwika. Anachijambula ndi Carolyn Davidson mu 1971, ali wophunzira ku Portland State University, ndipo analandira madola 35. Kampaniyo itakula inamukumbukira mu 1983 n'kumupatsa masheya. Ojambula athu ambiri amathera pa madola 35 aja, opanda wodzawakumbukira. Lamulo loteteza umwini wa ntchito zaluso lilipo, linakonzedwanso mu 2016, ndipo limateteza zojambula, zosema ndi zithunzi, osati nyimbo zokha. Bungwe la COSOMA, loteteza umwini umenewu, lakhalapo kuyambira 1992, koma mukafunsa anthu mumsewu adzakuuzani kuti ndi la oimba. Ojambula eni ake ambiri sadziwa kusiyana kwa kugulitsa chithunzi chimodzi ndi kugulitsa ufulu woti chithunzicho chidindidwe pa makalendala zikwi khumi.

Apa masukulu nawo asathawe mlandu. Sikokwanira kutulutsa munthu wodziwa mbiri ya zojambula za ku Italy koma wosadziwa kuwerengera mtengo wa ntchito yake, kulemba mgwirizano, kufuna theka la ndalama ntchito isanayambe, kulembetsa bizinesi, kapena kukonza fayilo yoti makina osindikizira aitulutse mitundu isanasinthe. Alipo aphunzitsi omwe amaona ngati kukamba za ndalama kumadetsa luso. Ine ndikuti amene amadetsa luso ndi njala. Wophunzira aliyense asanamalize ayenera kukhalako miyezi ingapo ku kampani yosindikiza, ku fakitale, ku nyuzipepala, ku wailesi yakanema kapena ku gulu la alimi lofuna kukonzeredwa mapaketi, osati ngati mlendo wodzaona koma ngati wogwira ntchito yomwe ikatuluka pamsika. Tili ndi Yunivesite ya Malawi ku Zomba, tili ndi sukulu ya zachikhalidwe ya Bingu ku MUST ku Thyolo, tili ndi ojambula mapulani a nyumba ndi mainjiniya ku MUBAS, tili ndi makoleji a ntchito zamanja a TEVETA ophunzitsa utelala, ukalipentala ndi kuwotcherera. Wophunzira dizaini, wa uinjiniya ndi wowotcherera atapatsidwa ntchito imodzi yokonza njinga ya munthu wolumala, onse atatu angatuluke atasintha.

Vuto limayambira pansi kwambiri. Ku pulayimale kuli phunziro la zaluso, koma m'kalasi la ana zana opanda mapepala ndi makrayoni, nthawi zambiri limathera pa kuimba. Ku sekondale ndi masukulu ochepa omwe amaphunzitsa zojambula. Mwana waluso amajambula kumapeto kwa kope la masamu, n'kumakalipiridwa kuti akutaya nthawi. Kusankhira ku yunivesite kumayang'ana mapointi a MSCE, kotero amene dzanja lake ndi lodabwitsa koma mapointi ake ndi ochuluka amatsala, pomwe wina amene sanafunepo zojambula amapezeka m'kalasimo chifukwa kwina kunadzaza. M'mayiko ambiri sukulu ya zaluso imayamba yaona ntchito za mwanayo. Sukulu ija ya Rhode Island kwa zaka zambiri inkauza aliyense wofunsira malo kuti ajambule njinga. Kuonjezera mayeso otere pa kasankhidwe kathu sikungafune ndalama zambiri.

Ndinenepo za uphunzitsi, chifukwa ndiko ambiri amapita ndipo ndiko timawanyozera kwambiri. El Anatsui wa ku Ghana anaphunzira zosema ku Kumasi, n'kupita kukaphunzitsa ku yunivesite ya Nsukka ku Nigeria mu 1975. Anakhala mphunzitsi zaka zoposa makumi atatu. Ntchito zomwe zinamutchukitsa padziko lonse, nsalu zikuluzikulu zolukidwa ndi zitsekerero za mabotolo a mowa ndi waya wa kopa, anaziyamba atadutsa zaka makumi asanu zakubadwa, ndipo mu 2015 analandira mphoto yapamwamba ya chionetsero cha ku Venice. Malipiro a uphunzitsi ndiwo anamupatsa mpata woyesa zinthu popanda kudera nkhawa za wogula. Kwa ife phindu lake n'loposa pamenepo: mphunzitsi mmodzi wa zojambula pa sekondale ya kumudzi ndi amene angaone mwana wojambula kumapeto kwa kope uja n'kumuuza kuti chimenecho ndi chuma.

Ndisanamizire kuti kubalalika konse n'kwabwino. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, koma pali ng'ona yosamuka chifukwa yakula ndi yosamuka chifukwa dziwe laphwa. Wophunzira amene wasankha kukakonza mauthenga a katemera kapena maonekedwe a pulogalamu yotumizira ndalama pafoni wapita ndi luso lake. Amene akugulitsa kaunjika kapena kusesa m'sitolo ku Joni chifukwa aliyense amafuna ntchito yake mwaulere, ameneyo tamutaya, ndipo sindingamuwerengere ngati umboni wa kukoma kwa maphunzirowa. Zimandiwawa kuti magulu awiriwa timawaphatikiza, n'kunena kuti onse analephera.

Tisaiwalenso amisiri omwe sanapondeko ku yunivesite. Ku Mua, m'boma la Dedza, bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa malo a KuNgoni mu 1976, ndipo osema omwe anaphunzira kumeneko ntchito zawo zili m'matchalitchi ambiri m'dziko muno ndi kunja. Ndi umboni woti luso likapatsidwa malo, aphunzitsi ndi msika, limadyetsa mabanja. Koma m'misika ya ziboliboli ya ku Lilongwe, Blantyre ndi Nkhata Bay, amisiri a manja abwino zedi akusemabe njovu, bawo ndi mipando ya mafumu zomwezomwezo, onse kulimbirana mlendo mmodzi, mitengo ya phingo nayo ikutha. Iwo ali ndi manja omwe wa digiri alibe. Wa digiri akhoza kubweretsa maganizo a zinthu zatsopano zoti Amalawi eni ake azigula, zosadya mtengo wambiri, komanso njira yozigulitsira pa intaneti. Chomwe chimawalekanitsa ndi kunyada kwa wa digiri ndi kukayikira kwa wa pamsika, ndipo onse awiri akuluza nazo.

Pali chinthu chimodzi chomwe chingachitike chaka chino popanda kudikira opereka thandizo. Dipatimenti iliyonse yophunzitsa zaluso ifufuze komwe kuli ana ake onse a zaka khumi kapena khumi ndi zisanu zapitazi. Si anthu ambiri, ndipo ambiri a iwo amapezeka pa WhatsApp ndi pa Facebook. Iwafunse zomwe akuchita, ngati akudzilipira okha kapena analembedwa ntchito, phunziro lomwe likuwathandiza ndi lomwe akuona kuti linasowa. Zotsatira zake zitulutsidwe poyera, zokoma ndi zowawa zomwe, mosatchula mayina, ndipo zifike ku masekondale ana a fomu 4 asanadzaze mafomu a ku NCHE ofunsira malo ku yunivesite. Omwe apezeke m'mabanki, m'zipatala, m'mafakitale ndi m'makampani a mafoni aitanidwe kuti azibwera kudzalankhula ndi a chaka choyamba, komanso kuti azitenga ophunzira a chaka chachitatu kukagwira nawo ntchito patchuthi.